Chaka Chimene Mango Athu Anachedwa Kuchita Maluwa

Amayi anga anabwera ku Lilongwe atangomaliza kukolola, kudzandithandiza pa chikuta cha mwana wanga woyamba. Anatsika basi pa depoti ya m'tauni yakale atasenza kamtolo ka zovala, dengu la mtedza lili kumanja, nkhuku yamoyo ili m'khwapa. Mawu awo oyamba sanali moni ayi. Anati, "Sindikhalitsa." Ine mimba ili apo, miyendo itatupa, ndawadikira kuyambira m'mawa, munthu n'kuyamba ndi kutsazika. Ndinapsa mtima, koma ndinangolandira nkhukuyo n'kutsogola.

Nthawi imeneyo likulu la dziko linali litangosamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo amuna anga, amene anali kalaliki m'boma, anasamuka nalo limodzi. Nyumba zatsopano zinali zisanathe kumangidwa, choncho mwamwayi anatiika m'kanyumba kakale ka boma kumapeto kwa Eriya 3, m'mene kale munkakhala mzungu wina wosakwatira. Kanali ndi zipinda ziwiri zogona, kanjira kamodzi kopapatiza pakati pa nyumba, ndi mtengo waukulu wa mango a boloma pafupi ndi khomo la khitchini.

Kanjira kopapatizako ndiko kanabweretsa mavuto. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka n'kulowa patchire. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, tchire lilipo lambiri. Nanga m'nyumba ya boma munthu apatukira kuti? Amuna anga anapeza nzeru yawo. Asanatuluke kuchipinda ankayamba atsokomola kaye mwamphamvu, ngati lole ikuliza hutala pa kona. Amayi akamva chifuwacho ankathawira kulikonse kumene kunali pafupi. Tsiku lina anathawira m'bafa, pamene amuna anga ankapita kukasamba komweko. Amuna angawo anaima m'kanjiramo ndi thaulo paphewa, akutsokomola, akutsokomola, amayi ali phee m'katimo kudikira kuti adutse. Akanachedwa kuntchito ndikanapanda kubwera kudzawamasula.

Zolankhula zawo zonse zinkadzera mwa ine. M'mawa amuna anga ankati, "Amake mwana, muwafunse amayi ngati adzuka bwino." Amayi ali kuseri kwa chitseko pomwepo, akumva zonse, ankayankha kuti, "Uwauze akamwini kuti ndadzuka, kaya iwo." Ine n'kubwereza zomwezo, ngati anthu awiriwo ndi ogontha. Ndinasanduka lamya ya m'nyumbamo, ndipo masiku ena zinkanditopetsa kwabasi. Koma ulemu umene anthu awiriwa ankapatsana unali wokoma kuuona. Amuna anga sankabwera kuchokera kuntchito chimanjamanja, ankati, "Kansomba aka n'ka amayi." Amayi nawo ankadzuka kudzawotcha mbatata paphulusa la mbaula n'kuzikulunga m'pepala kuti akamwini akadye ku ofesi.

Mwana anabadwa m'kati mwa chisanu, wamkazi, wolira mokweza ngati ine. Titatuluka m'chikuta ndinayamba kuwapempha amayi kuti asabwererenso kumudzi. Zifukwa ndinali nazo. Abambo anga anali atamwalira chaka chapitacho. Mlongo wanga anapita kumigodi ku Joni ndipo sankamveka. Bondo la amayi linkatupa, moti anagwapo kale ndi ndowa pochokera kuchitsime. Munda akanatha kulima amayi aang'ono ndi ana awo, amene ankaufuna kale. Kumudziko kunalibe chowadikira koma nyumba yopanda munthu.

Amayi sanafune kumva. Anati, "Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Unaona kuti mayi akukhazikika pakhomo pa mkamwini n'kumadya ndiwo zogula? Anthu adzati chiyani?" Ndinati anthuwo sadzabwera kudzawatungira madzi. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana, kenako analoza mtengo wa mango uja. "Mtengo uwu ukadzachita maluwa, ine ulendo. Ndikayambe kusosa." Za miyezi ya pa kalendala analibe nazo ntchito, nthawi yawo ankaiwerengera pa mitengo. Ndipo amayi anga akanena chinthu, chinkakhala chomwecho.

Kuyambira tsiku limenelo ine, munthu amene sindinkayang'ana mtengo pokhapokha ngati uli ndi zipatso, ndinayamba kuyenda maso ali m'mwamba.

Chaka chimenecho nyengo inasokonekera. Kumapeto kwa Julaye, pamene timayembekeza kuti chisanu chiyambe kuchepa, mphepo ya mwera inabweretsa mitambo yotsika, ndipo kunayamba mvula ya mawawa. Sinali mvula yeniyeni, inkangowaza ngati munthu akunyowetsa zovala asanazisite, koma inkatha tsiku lonse, mawa lake chimodzimodzi. Anthu ochokera ku Zomba ndi ku Thyolo ankati iyi ndi chiperoni ya kwawo, yawatsatira. Eni Lilongwe ankangogwedeza mitu. Matewera sankauma. Tinkawayanika m'khitchini mozungulira mbaula, ndipo mwana wanga miyezi yake yoyamba ankanunkha utsi ngati nsomba yowamba.

Ine mawawawo ndinkawakonda, chifukwa ndinkaganiza kuti akuchedwetsa maluwa. Koma ndikatuluka kupita kumsika, mitengo inkandiuza zina. Choyamba chinali kamtengo ka mapichesi pa nyumba ina ya mpanda wa maluwa m'mbali mwa msewu wathu. Kanalibe tsamba ngakhale limodzi, kanali ngati nkhuni zozika pansi, koma m'mawa wina ndinaona timaluwa tofiirira titamatirira ku nthambi, tili chinyowere. Tinali tokongola, ndivomere, koma ine sindinakondwe nato. Patangopita masiku, potsetserekera ku mlatho, mtengo wa muwale unatulutsa maluwa ake ofiira ngati makala a moto, tiyuni tikulimbirana pamenepo. M'mphepete mwa msewu, pamene anthu anayesa kutentha udzu koma moto n'kuzima ndi chinyezi, munamera timsipu tobiriwira pakati pa phulusa lakuda. Ngakhale msika unkasintha. Manachesi anayamba kuchepa ndi kufota, nzimbe zinadzaza paliponse, amayi a malambe ndi bwemba anayamba kuyala malonda awo pansi pa mapepala a pulasitiki.

Tsiku lina ndinakwera basi kupita naye mwana ku sikelo, ndipo tinadzera cha ku likulu latsopano, kumene nyumba zazitali zinali kumangidwa. Kumeneko nthawi zonse kunkakhala fumbi lofiira, koma tsikulo linali matope okhaokha. Mitengo yachilengedwe imene omanga anaisiya inali itayamba kuphukira masamba anthete, ena ofiira, ena ngati uchi, akunyezimira ndi madontho. Anthu m'basimo ankadandaula za nsapato zawo. Ine ndinkangoyang'ana panja, chisoni ndi kukondwa zitasakanikirana, chifukwa dziko linali kukongola ndipo kukongolako kunkatanthauza kuti amayi anga apita.

Ndikafika kunyumba amayi ankafunsa kuti, "Kunja kuli bwanji?" Ine ndinkati, "Kukuzizirabe, amayi. Chisanu cha chaka chino sichitha msanga." Ankangoti, "Oo," n'kupitiriza kusisita mwana.

Kenako mango a anthu ena anayamba. Mtengo wa kwa oyandikana nafe unatuwa ndi maluwa. Mitengo ya m'mbali mwa msewu wa kumsika nayo inachita chimodzimodzi, fungo lake likumveka ngakhale m'mawawa. Koma wathu, zii. Ndinkauzungulira m'mawa uliwonse ndikamataya madzi otsukira mbale, ndikuyang'ana nsonga za nthambi. Nthawi zina madzulo ndinkaona timitu totupa kunsongako n'kunena mumtima kuti basi, mawa kwatha. Kukacha n'kupeza palibe kanthu. Ndinkathokoza Mulungu, ndinkathokoza mawawa, mpaka ndinawauza amayi a nyumba yoyandikana nafe kuti mtengo wathu ndi wokalamba, umamva chisanu.

Chimene chinandidabwitsa chinali sizasi yanga yosokera. Inayamba kumata ndi kubuntha, moti sinkadulanso nsalu. Ndinapita nayo kwa telala wina wachisilamu amene ankasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, munthu wachikulire wokonda nthabwala, amene ankatinolera masizasi. Anaitembenuza, anainunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Anati, "Mayi, kodi masiku ano mukusoka madiresi a masamba a mango? Uwu ndi utomoni." Ndinaseka nawo, koma pobwerera ndinali ndi maganizo. Ndinakumbukira kuti masiku amenewo amuna anga ankadzuka msanga kuposa kale, ndipo pomwa tiyi mapewa a jekete lawo ankakhala onyowa asanatuluke n'komwe kupita kuntchito.

M'mawa mwake ndinanamizira kugona. Atatuluka ndinasuzumira pa windo. Ndinaona bambo a ulemu wawo, kalaliki wa boma, atavala tayi, buluku atalilowetsa m'sokosi, ataima pa mpando wanga wa m'khitchini pansi pa mtengo wa mango. Ankakoka nthambi imodzi imodzi, kudula timitu ta maluwa ndi sizasi yanga, n'kumatiponya m'thumba la jekete. Madzi a m'masamba ankawagwera m'khosi, iwo osasamala.

Ndinatuluka mwakachetechete n'kuima pambuyo pawo. Ndinati, "Abambo, ntchito ya boma yasintha?" Anatsala pang'ono kugwa pampandopo. Anandigwira pakamwa n'kuloza windo la amayi. Kenako ananong'ona kuti, "Nanga nditani? Inu mwawapempha, akana. Ine pakamwa panga m'potseka, sindingawauze kanthu. Chimene ndingathe n'chimenechi." Ndinawafunsa kuti nanga iwo zikuwakhudza bwanji, popeza ndi iwo amene amavutika ndi kutsokomola tsiku ndi tsiku. Anapukuta sizasi pa mpango. Amuna anga mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, anakulira m'manja mwa achibale. Anati, "Ndikamabwera kuntchito n'kumva amayi akuimbira mwana kukhitchini, ndimamva kuti ndafika kwathu. Sindinazimvepo zimenezi." Anandipempha kuti ndisawauze amayi, chifukwa akanaona ngati mkamwini akuwachenjerera. Ndinalonjeza. Maluwawo ankakawataya m'ngalande popita kokwerera basi.

Ndinaganiza kuti nkhani ndaimvetsa yonse, ngakhale chinthu chimodzi chinkandizunguzabe. Mpando ndi mkono wa amuna anga zinkangofika nthambi zam'munsi. Nanga zapakati zinkalephera bwanji kuchita maluwa?

Yankho ndinalipeza chifukwa cha khadi la chipani. Masiku amenewo pa chipata cha msika pankaima anyamata ofunsa makhadi, ndipo wopanda khadi sankalowa, kaya anene zotani. Tsiku lina ndinasintha chikwama n'kuiwala khadi langa kunyumba. Ndinawachonderera anyamatawo, ndinawauza kuti ndasiya khanda, koma anangondilozera njira imene ndinadzera. Ndinabwerera ndikung'ung'udza njira yonse, dengu lili lopanda kanthu, mawawa akundinyowetsa. Choncho ndinafika kunyumba nthawi imene palibe ankandiyembekeza.

Ndisanalowe pa mpanda ndinamva phwa, phwa, kuseri kwa nyumba. Nditazungulira ndinapeza amayi anga, a bondo lotupa aja, mwana ali kumsana atamufunditsa thaulo, nsungwi yochirikizira chingwe cha zovala ili m'manja. Ankakwapula nthambi zapakati za mtengo wa mango, maluwa akuyoyoka, kenako n'kuwasesa msangamsanga kupita nawo kudzala n'kuwakwirira ndi phulusa. Atatembenuka n'kundiona, anaima chilili, nsungwi ili m'mwamba.

Anati, "Ndimathamangitsa mavu. Angalume mwana."

Ndinati, "Inde, amayi. Mavu achuluka chaka chino."

Tinayang'anana. Ine ndinayesetsa kudzigwira koma zinakanika, ndinaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa. Amayi anayamba n'kukalipa kuti ndine mwana wopanda mwambo, kenako nawonso anaseka, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kutatha anatsamira nsungwi ija n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kumudzi ndikatsokomola palibe wondifunsa kuti mwatani. Kuno ngakhale akamwini amafunsa, kudzera mwa iwe." Ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa amayi anga sanali munthu wodandaula. Ndinati basi angokhala, nanga chovuta n'chiyani. Anapukusa mutu. Anati mawu ananena kale, ndipo mwini nyumba sanawauzepo kuti akhale. Mwina akungopirira chifukwa cha ulemu, mwina atopa n'kutsokomola. "Usawauze akamwini zimene waonazi. Ndingafe ndi manyazi." Ndinalonjezanso.

Tsono taonani mmene zinthu zinalili. M'mawa mkamwini pa mpando ndi sizasi, masana apongozi ndi nsungwi, aliyense akubisira mnzake, aliyense akuganiza kuti nthambi zinazo zikulephera chifukwa cha mawawa. Mtengo nawo unali wamakani, ukadulidwa unkaphukiranso pena. Ine pakati, ndanyamula zinsinsi ziwiri, ndikuona mango anga a boloma akuthera kudzala ndi m'ngalande. Masiku ena zinkandiseketsa, masiku ena zinkandikwiyitsa. Anthu akuluakulu awiri, ofuna chinthu chimodzi, ogona nyumba imodzi, koma osatha kuuzana.

Chakumapeto kwa Ogasiti mitambo inachoka. Tinadzuka tsiku lina kumwamba kuli mbee, dzuwa likutentha pamsana, matewera onse anauma tsiku lomwelo. Ndipo mtengo uja unatigonjetsa. Kunsonga kwake, kumene mpando ngakhale nsungwi sizikanafika, kunatuwa ndi maluwa mbali zonse. Njuchi zinkalira kumeneko kuyambira m'mawa. Fungo linalowa mpaka kuchipinda. Timaluwa tinkagwera m'beseni losambitsira mwana n'kumayandama. Kwa masiku angapo tonse atatu tinkayenda maso ali pansi, palibe woyang'ana kumwamba, palibe wotchula za mango. Koma amayi a nyumba yoyandikana nafe anaima pa mpanda n'kunena mokweza kuti, "Mtengo wanu uja wadzuka tsopano, taonani kukongola kwake." Amayi anali pakhonde, anamva.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atamanga kamtolo kawo, atavala duku la paulendo, atakhala pakhonde la kukhitchini mwana ali pamiyendo. Anati ndiwaperekeze ku depoti. Sanandiyang'ane. Amuna anga anali m'kanjira kaja, kuseri kwa chitseko, akuyendayenda. Ndinamva akutsokomola, kenako anati, "Amake mwana, muwauze amayi kuti..." Mawu anathera pomwepo.

Apa ndiye ndinatopa nazo. Ndinati, "Lamya yafa lero. Amene ali ndi mawu anene yekha." Ndinalowa m'nyumba n'kutenga sizasi ija, utomoni uli mbuu, ndinatenganso mpando wa m'khitchini umene unali ndi zidindo za nsapato za ku ofesi. Ndinaziika pakhonde pamaso pa amayi. Kenako ndinakatenga nsungwi ija, kunsonga kwake kutamatirira timaluwa touma, n'kuigoneka pakhomo pamene amuna anga akanatha kuiona. Ndinali nditalonjeza onse awiri kuti sindinena, ndipo sindinanene kanthu. Ndinangonyamula mwana wanga n'kukaima pansi pa mtengo.

Amayi anayang'ana sizasi, anayang'ana zidindo za pampando, kenako anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Mapewa awo ankagwedezeka, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Amuna anga anatuluka osatsokomola, anaiyang'ana nsungwi ija nthawi yaitali, kenako anagwada pakhomopo, nkhope atalozetsa kumbali. Anati:

"Amayi, musapite. Nyumba ino ndi yanu. Ine ndilibe mayi wina."

Aka kanali koyamba kuwalankhula chikwatirire ine. Amayi, nkhope ikadali m'chitenje, anati, "Ndamva, mwana wanga." Anatambasula dzanja n'kumasula mfundo ya kamtolo kaja. Atapukuta maso anawonjezera kuti, "Koma sizasi ya nsalu sadulira mitengo. Mwamuwonongera mkazi wanuyu chipangizo." Amuna anga anavomera kuti alakwa, akadali chogwada, ndipo ine pansi pa mtengo ndinalira ngati mwana.

Chaka chimenecho nthambi zam'munsi ndi zapakati sizinabereke ngakhale bango limodzi. Akunsonga okha ndiwo anapsa, ndipo tinkadikira kuti agwe okha, ambiri n'kuphwanyika. Anzathu ankadya mango mpaka kutaya, ife tikutola zidutswa. Palibe anadandaula. Munda anautenga amayi aang'ono, ndipo amayi ankapita kumudzi kukacheza kokha n'kubwerako ndi mtedza.

Mwambo sanautaye wonse ayi. Sanadyerepo pamodzi, ndipo sankayang'anana m'maso. Koma madzulo ankakhala khonde limodzi, wina uku wina uko, akukambirana za mvula ndi mitengo ya zinthu, ine lamya nditapuma ntchito. Kutsokomola kokha amuna anga sanasiye, ankati amayi asadzidzimuke. Amayi analera ana anga onse, ndipo anamwalirira m'manja mwathu patapita zaka zambiri, titasamukira kale ku nyumba ina.

Mpaka pano chisanu chikamatha ndimayenda maso ali m'mwamba. Ndimaona mapichesi akayamba, ndimaona muwale, ndimadziwa mtengo wa mango umene watsogola m'dera lathu lonse, ndipo ndikafika kunyumba ndimawauza amuna anga. Iwo tsopano ndi nkhalamba ya imvi, ana onse anachoka, m'nyumba tatsala awiri. Koma m'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko cha kuchipinda, amayamba atsokomola kaye.